Chishalo Chokha Usachikhudze

1

Anthu a kuno ku Ravegem anditchula mayina ambiri nyengo yozizira yapitayi. Ena ankati ndine nkhalamba yopanda manyazi, ena ankati chibwenzicho chinayamba amuna anga akadali moyo, ndipo mlamu wanga Odette anakafika mpaka kwa ansembe kukanena kuti mutu wanga sukugwira. Pakamwa pawo patopa tsopano, ndiye mundimvereko ine mwini nkhani. Ndine Zulma. Sukulu ndinalekera kupulayimale, moyo wanga wonse ndathera kufakitale yolongedza ndiwo zamasamba, choncho mawu okometsera musawayembekezere kwa ine.

Amuna anga a Firmin anamwalira mu Okutobala. Ndinawapeza m'kashedi kawo ka njinga atakhala pampando, sipanala ili m'manja, ngati munthu woti akuganiza. Anali matenda a mtima. Sindinadabwe kuti anafera mmenemo, chifukwa pabanja pathu ine ndinali mkazi wamng'ono, wamkulu inali njinga.

Kuno ku Flanders kukangoyamba kuzizira, amuna amasiya misewu yatala yabwinobwino n'kumakapikisana panjinga m'madambo a ng'ombe. Kuzungulira m'matope, pamene sipapalasika kutsika n'kuinyamula paphewa, kulumpha matabwa, kugwera m'ngalande, kubwera kunyumba ali bii, ochapa ndife. A Firmin anachita zimenezi kuyambira unyamata mpaka imvi, m'katimu ka m'mudzi muno, kumapetoku m'gulu la madala. Sanapambanepo, koma izo sizinkawapweteka. Chowapweteka chinali chimodzi. Mpikisano wotsekera nyengo umachitikira kwathu kuno mu Febuluwale, m'dambo la kuseri kwa tchalitchi, ndipo umenewo sanaumalizepo. Chaka china tcheni chinaduka. Chaka china anagundana ndi galu wa ansembe. Chaka china anagwera m'ngalande n'kuthyoka phewa. Kwa eni ake ankamaliza bwinobwino, koma pakhomo pawo ayi, mpaka anzawo anawapatsa dzina loti Lekerapanjira.

"Chaka chamawa, mayi a Hilde," ankatero ine ndikuwapaka mankhwala m'mabondo. Chaka chilichonse, chaka chamawa.

Thupi lawo tinaliwotcha monga ankafunira eni ake, phulusa ndinabwera nalo kunyumba m'kamtsuko. Mwambo utatha tinakhala m'holo ya tchalitchi kumwa khofi ndi mabanzi. A Gaston, wapampando wa timu, anaimirira, chimimba chili patsogolo, kapu ili m'manja.

"Firmin, m'bale wathu," anatero, "lero lokha wamaliza ndithu chinachake."

Anthu anaseka. Holo yonse inaseka, namfedwa ndili pomwepo. Kenaka a timu anayamba kuyang'ana mawotchi, chifukwa linali Loweruka ndipo kumudzi wina kunali mpikisano masana. Anandipsompsona patsaya mmodzimmodzi n'kuthawa, mabanzi ali m'kamwa.

Tsiku limenelo sindinalire. Ndinalumbira. Njinga yabuluu ya a Firmin idzadutsa mzere womalizira wa kuseri kwa tchalitchi, a Gaston akuona ndi maso awo.

2

Vuto linali lakuti njinga siyenda yokha. A Firmin anali ataliatali, miyendo ngati ya kakowa, ndipo m'timu monse munali munthu mmodzi yekha wa miyendo yofanana nayo, Omer.

Omer ndinakula naye. Anapuma pantchito yogawa makalata, sanakwatirepo, ndipo tili achinyamata anandifunsirapo kudansi. Ndinamukana chifukwa nyimbo yonse ankangondiuza za magiya. Kenaka ndinakakwatiwa ndi munthu wina wa magiya, onani nzeru zangazo. Kuyambira pamenepo iye ndi a Firmin ankapikisana kumapeto kwa sabata iliyonse, kutukwanizana m'matope, madzulo kumwera limodzi. Ndipo nthawi zonse wofika patsogolo anali Omer.

Kumayambiriro kwa Disembala ndinamva kuti njinga yake yachiwiri yathyoka felemu. Pamasewera awa munthu wa njinga imodzi amangoperekeza anzake, chifukwa matope akadzaza m'matayala umayenera kusintha, inayo izitsukidwa. Ndinakankha njinga yabuluu mpaka pakhomo pake.

"Zulma! Kwagwanji?"

"Palibe chagwa. Gwira njinga iyi."

Anaiyang'ana ngati waona mzukwa. "Ya Firmin? Ukugulitsa?"

"Ndikukubwereka mpaka Febuluwale. Koma pali malamulo."

"Ndinadziwiratu."

"Chishalo usachikhudze. Osachikweza, osachitsitsa, sipanala isayandikire. Kutsuka ndizitsuka ndekha ndi ndowa, payipi yopopera madzi ija ayi. Njinga izigona kwanga. Ndipo mpikisano wa kwathu udzamalizire pa imeneyi, osati yako yoyera ija."

Omer anakwera n'kuzungulira pabwalo. Chishalo chinamukwana ngati anachita kumuyeza. Atatsika anainyamula ndi dzanja limodzi, n'kuchita tsinya.

"Yalemera bwanji? Sinali chonchi njinga imeneyi."

"Wakalamba ndiwe. Ukuifuna kapena ndibwerere nayo?"

"Dikira kaye. Ukuti uzitsuka wekha. Ndiye kuti uziima kukhola? Kuimira ine?"

"Nanga ndizikatsukira kutchalitchi?"

Makutu ake anafiira psuu. Ine sindinalabadire. Pamenepo ndi pomwe ndinaphonya.

3

Khola ndi malo aja otchinga ndi zingwe pakati pa dambo, pomwe opalasa amasinthira njinga. Lamulo lake aliyense amalidziwa ngakhale silinalembedwe: kukhola umaimira mwamuna wako, mwana wako kapena m'bale wako. Ndinaimira a Firmin zaka zonse zija ndi majombo omwewa. Mkazi akayamba kugwirira njinga mwamuna wina, mphete sifunikanso.

Lamlungu loyamba, kamvula kakuwaza, nditangolowa ndi ndowa ndi bulashi khola lonse linangoti zii. Akazi anzanga amene ndadya nawo tchipisi m'mphepo kuyambira utsikana anayamba kupukuta njinga zoyera kale.

"Mayi Zulma, mwasochera kapena?" anatero a Gaston, amene amakonda kuima pamakina opopera madzi kuti azioneka otanganidwa. "Malemu sakuthamanga lero."

"Ndikudziwa. Ndinawaperekeza ndine mpaka pamapeto. Inu munathawa mabanzi ali m'kamwa."

Anatsokomola n'kutembenukira kwina.

Mfuti inalira, madala ananyamuka ngati ng'ombe zotsekulidwa m'mawa. Pasanapite nthawi ndinamva mawu a Omer, "Njinga!" Analumpha kuchoka pa yabuluu ikuyenda, ine ndinamukankhira yoyera, anakwera osaima n'komwe. Manja sanaiwale ntchito. Ndinagwada m'matope n'kuyamba kukwecha ndi bulashi, madzi ozizira ngati akuluma zala. Anzanga ankangopopera kamodzi, phwaa, njinga mbee. Ine ndinkachotsa udzu m'magiya ndi chala.

"Bweretsani kuno tiipope, mufa nacho chisanu," anatero a Gaston, payipi ili m'manja.

"Muiyandikire ndi payipiyo muone komwe ndiilowetse."

Omer anafika wachitatu, malo amene anali asanawaone chaka chonsecho. Koma madzulo kubala ya timu palibe anakamba za mpikisano. Pofika Lolemba nkhani inali itandipitirira kale kokagula buledi. Ndinamva mayi wina kumbuyo kwanga akunong'ona mokweza dala.

"Phulusa la amuna ake lisanazizire n'komwe."

Ndinatembenuka. "Lazizira, mayi. Ndinalikhudza ndekha."

Buledi anandikulungira mofulumira tsiku limenelo.

4

Pa Khirisimasi kunabwera mwana wanga Hilde, amene ndi namwino mutauni, ndi azakhali ake aja a Odette, mlongo wawo wamkulu wa a Firmin. Odette anali ndi chizolowezi chake. Lamlungu lililonse akachoka kumisa ankabwera kudzapukuta kamtsuko kaja pamwamba pa kabati, n'kumakauza nkhani za m'mudzi, amene wadwala, amene wasudzulana. Tsiku limenelo anaima pamaso pa kamtsuko n'kuusa moyo.

"Firmin, mchimwene wanga, bola iwe sukuona zimene zikuchitika m'nyumba mwako muno."

"Alamu, nkhukundembo ikuzizira," ndinatero.

Tili pakati pa kudya, Hilde anaika foloko pansi.

"Amayi, n'zoona?"

"Ziti?"

"Zoti a Omer akukwera njinga ya ababa, inu mukuwagwirira kukhola."

"N'zoona."

"Munayamba liti? Ababa ali moyo?"

Ndinamenya tebulo ndi chipande mpaka msuzi unadumphira pa bulauzi ya Odette. "Iwe, ndinakubereka ine! Ukudziwa tsiku lomwe unabadwa? Linali tsiku la mpikisano wa kwathu. Bambo ako anali paulendo womaliza wozungulira dambo, njinga ili bwinobwino, mzere akuuona uko. Munthu wina anakuwa kuti mkazi wako matenda ayamba. Anataya njinga m'dambo, anafika kuchipatala matope ali m'makutu, anamwino akuwathamangitsa ndi tsache. Chaka chimenecho akanamaliza. Analekera panjira chifukwa cha iwe, ndipo sanadandaulepo."

Hilde misozi inalengeza. "Ndiye n'chifukwa chake mukupereka njinga yawo kwa munthu amene ankawagonjetsa moyo wawo wonse? Ndikuitenga lero. Ikakhala kwanga, pakhoma."

Anatuluka kupita kukashedi. Anapeza loko. Kiyi inali pachifuwa panga, pamalo pomwe ngakhale Odette sakanayerekeza kupisapo dzanja.

"Mu Febuluwale udzaitenga," ndinamuuza atabwerako. "Mpikisano ukadzatha, osati lero."

"Bwanji osati lero?"

Chifukwa ndinali nacho, ndipo chinafika pamlomo penipeni. Koma Hilde sabisira kanthu azakhali ake, ndipo Odette akanamva, m'mawa mwake akanafika ndi ansembe kudzanja ili, wapolisi kudzanja ilo, njinga osatulukanso m'kashedi. Ndinangoti, "Chifukwa ndanena ine."

Anachoka osadya keke. Ndinaidya ndekha, mokwiya, yonse.

5

Januwale anabwera ndi chisanu chake, madambo anauma gwa ngati konkire, kenaka anasungunuka n'kusanduka phala. Sabata iliyonse tinali kumudzi wina, ine, Omer ndi njinga ziwiri m'kagalimoto kake. Munthu uja anayamba kuthamanga ngati wabwerera unyamata. Wachiwiri, woyamba, wachiwiri. Mapointi anakwera mpaka anafanana ndi Achiel, mlimi wa nkhumba wa mudzi woyandikana nafe, amene chikho cha madala ankachiyesa cha makolo ake. Zinafika poti amene adzatsogole mnzake pampikisano wa kwathu, chikho n'chake. Omer anali asanachigwirepo chikho chimenecho.

Koma panayambanso zina. Munthu wopita kukagubuduka m'ndowe za ng'ombe anayamba kubwera akununkhira mafuta. Anameta ndevu. Anayamba kundibweretsera chokoleti chokulunga ndi kariboni.

Tsiku lina ndikuchokera kogula supu ndinamupeza atawerama pa njinga yabuluu, kasipanala kali pa bawuti ya chishalo. Makapu a supu ndinawataya, ndinamufikira ndi bulashi pa dzanja. Khwaa!

"Mayo! Zulma, wapenga?"

"Ndinati chiyani za chishalo?"

"Bondo likundipweteka. Ndimangofuna ndichitsitse pang'ono pokha."

"Dula mwendowo pang'ono pokha."

Anakhala pakhomo la galimoto akudzisisita dzanja, kenaka anayamba kumwetulira, kumwetulira kopusa kwa mnyamata.

"Ndikudziwa chifukwa chake ukuchita zonsezi," anatero motsitsa mawu. "Mudzi wonse ukukunena, mwana wako wakukwiyira, koma ukubwerabe. Nanenso dansi ija sindinaiiwale, Zulma. Sindikufulumizitsa. Tidikire nyengo ithe."

Ndinamuyang'ana, mdala wa imvi, matope ali pachipumi, maso ali ngwee. Mawu amodzi okha akanakwana kumutsitsa mumtengo momwe anakweramo. Koma ndinaona kuti maganizo amenewa ndi omwe akumupalasitsa chonchi, ndipo ine ndinkafuna miyendo imeneyo ifike Febuluwale ili yamphamvu.

"Pita ukagule supu wina," ndinatero. "Wanditayitsa."

Anapita akuimba mluzu.

6

Sabata ya mpikisano wa kwathu mvula inagwa osapuma. Dambo la kuseri kwa tchalitchi linasanduka chithaphwi. Mudzi wonse unabwera ndi majombo ndi maambulera, a bandi ndi malipenga awo, fungo la tchipisi ndi kachasu lili ponseponse. Hilde anafika ndi galimoto yoti anyamuliremo njinga mpikisano ukatha. Sanandipatse moni. Anaima ndi Odette kuseri kwa chingwe cha khola, onse awiri milomo ili tolo.

"Ulendo womaliza pa yabuluu," ndinamukumbutsa Omer.

"Ndamva, bwana."

Tsiku limenelo ndowa inandilephera. Matope ake anali osakanikirana ndi udzu, omata ngati ulimbo. Ndinkakwecha, ndinkatokosa ndi chala mpaka chikhadabo chinasweka, koma Omer ankafika ndisanamalize. Pamene ndinkamupatsa yabuluu komaliza, ndinkadziwa kuti m'magiya mukadali zinyalala. Ndinamupatsabe.

Anali patsogolo. Achiel anali m'mbuyo ndithu, akupuma ngati nkhumba zake. Belu la ulendo womaliza linalira, anthu a Ravegem anakuwa mpaka akhwangwala anathawa pa nsanja ya tchalitchi. Njira imadutsa pakhola pakatikati pa ulendo, ndiye ndinaima ndi njinga yoyera m'manja mwamwambo chabe, maso ali pakona.

Omer anatulukira akuthamanga wapansi. Yabuluu inali paphewa, kachitsulo kosinthira magiya kakulendewera m'masipoko, tcheni chili lende.

"Yoyera! Zulma, yoyera!"

Anaponya yabuluu pansi n'kugwira handulo ya yoyera. Ine sindinasiye.

"Siya!"

"Unalonjeza."

"Yathyoka! Siyenda! Achiel akubwera uyo!"

"Unalonjeza, Omer!"

Iye kukoka, ine kukoka. Anthu kuseri kwa chingwe anafa nacho chiseko. Wina anakuwa kuti, "Za kuchipinda muzikathera kuchipinda!" Ndiye pakona ya diso ndinaona a Gaston. Anali atatola njinga yabuluu kuti ichoke panjira, ndipo mwachizolowezi cha manja anaiimika pamakina n'kuloza payipi pansi penipeni pa chishalo. Madzi anayamba kuwomba.

"Zimitsani madziwo! A Gaston, zimitsani! A Firmin ali mmenemo!"

Makina anazima. Chiseko chinazima. Ngakhale wa lipenga anatsitsa lipenga lake.

Inde, owerenga anga. M'mawa wina, patangopita masiku ochepa chichitikireni maliro, ndinatsitsa kamtsuko kaja pakabati n'kupita nako kukashedi. Ndinazula chishalo, ndinatenga fanelo yanga yothirira mafuta ophikira, ndinawathira amuna anga m'mipope ya felemu, pang'onopang'ono, ndikugogoda kuti atsike bwino. Pamwamba ndinatseka ndi chitsekerero cha botolo la vinyo n'kubwezera chishalo pamalo pake. Onse sanakwanemo, anali munthu wamkulu. Otsalawo ndinawabwezera pakabati.

7

Achiel anadutsa pakhola ngati mphepo, osadziwa n'komwe chifukwa chomwe anthu angoti kakasi.

Omer anali akadagwira handulo ya yoyera. Akanakwera pomwepo akanatha kumupeza, mphamvu anali nazo. Ine ndinali nditasiya. Anayang'ana msana wa Achiel ukupita, anayang'ana ine.

"Ndiye kuti sizinali za ine."

"Ayi."

"Ngakhale pang'ono?"

"Miyendo yako, Omer. Ndi yofanana ndi yawo."

Analavula matope. Ndinkayesa anditukwana, ndipo akanandilakwira chiyani? Koma anasiya yoyera igwe yokha, anapita kwa a Gaston n'kuwalanda yabuluu.

"Bweretsa kuno, iwe wachimimba." Anaiponya paphewa. "Tiye, Lekerapanjira. Nyengo yonseyi ndimadabwa kuti akundilemera ndani."

Theka la ulendo si pafupi kwa munthu wa imvi woyenda pansi, matope akulekeza m'mawondo. Anayamba n'kuthamanga, pakaphiri anayamba kuyenda. Madala onse anamupitirira mmodzimmodzi, mpaka wina wa mwendo wopindika amene amafika anthu akuzula zikhomo. Nkhani inathamanga m'mbali mwa zingwe kuposa njinga, ndipo paliponse pomwe Omer ankadutsa amuna ankavula zipewa, mvula ikuwamenya pamadazi.

Ine ndinkatsatira kunja kwa chingwe, majombo akundivuka. Ndinamva wina akuthamanga pambali panga. Anali Hilde, ndi nsapato zake za mutauni, imodzi itatsala kale m'matope.

"Tiyeni, ababa!" ankakuwa, mamina ndi misozi zili mbwee. "Tiyeni, ababa, mwatsala pang'ono!"

Pa ngalande ija yomwe a Firmin anathyokera phewa, Omer anaterereka n'kulowamo mpaka m'chiuno. Mudzi wonse unati, "Haa!" Koma njinga anaikweza m'mwamba ndi manja onse awiri, sinakhudze madzi. Lamulo silola kuthandiza wopikisana, ndiye palibe anamugwira. Anakwawa yekha ndi mawondo, akutukwana a Firmin, akutukwana ine, akutukwana ng'ombe za mwini dambo.

Kumzere oyang'anira mpikisano anali atayamba kupinda mapepala awo, poti Achiel anali atalandira kale maluwa. Ndinaona a Gaston atawatsekereza ndi chimimba chawo chija, manja atatambasula. Kwa nthawi yoyamba chinagwira ntchito.

Atatsala pang'ono kufika, Omer anaima. Anatsitsa njinga paphewa, anaiimika pansi, anagwira chishalo cham'mbuyo n'kuikankhira patsogolo pake, tayala lam'mbuyo likukhwekhwereza. Njinga inadutsa mzere yonse. Iye anadutsa pambuyo pake.

"Mulembe bwino," anauza oyang'anira aja akupuma mwawefuwefu. "Firmin wamaliza. Ndipo wanditsogolera."

Ndinafunafuna a Gaston. Anali ataima, chipewa chili m'manja.

"Mwaona?"

"Ndaona, mayi."

"Nenaninso zija munanena m'holo."

Anaweramitsa mutu. Ndipo pamenepo misozi imene ndinaisunga kuyambira Okutobala inabwera yonse, ndinalira ngati ng'ombe, nditakumbatira tayala lamatope, Hilde atandikumbatira ine.

8

Odette anandipeza ndikupukuta kumaso ndi nsanza yopukutira tcheni. Anandiloza ndi ambulera.

"Ndiye Lamlungu lililonse ndakhala ndikulankhula ndi theka la mchimwene wanga?"

"Theka lakumva, alamu. M'njinga ndinathiramo miyendo. Makutu ali pakabati."

Mpaka lero sandilankhula. Amabwerabe akachoka kumisa, amandidutsa pakhomo ngati ndine mpando, amapukuta kamtsuko n'kukauza kuti ndine mkazi woipa. Ansembe anandiitana, anandifunsa mafunso ali ndi nkhope yamaliro, koma nditafika pa fanelo anatuluka panja kukatsokomola. Njinga ili kwa Hilde, pakhoma la pabalaza, ndi matope ake omwe. Akuti aliyense woitsuka adzaona.

Omer chikho sanachione. Chokoleti chinasiya kubwera, mafuta onunkhira anatha, tikakumana kogula buledi ankangogwedeza mutu. Ndinadikira kuti mtima wanga unene kuti zili bwino, ntchito yatheka, munthuyo anali miyendo chabe. Sunanene. Masamba atayamba kuphukira ndinaphika mphika wa supu n'kupita nawo kwake. Ndinamupeza akumata tayala.

"Wabweretsa ndani ulendo uno?" anafunsa akuyang'ana mphikawo. "Agogo ako?"

"Ndi supu, chitsiru iwe."

Anatenga supuni n'kudya. Atatha ndinati, "Chikho chija ndinakulanda ndine."

"Eya."

"Nyengo ikubwerayi kukhola akuimira ndani?"

"Palibe. Ngati kale."

"Majombo anga akadali olimba."

Anapukuta pakamwa. "Chishalo ndiziloledwa kukhudza?"

"Cha njinga yako, khudza mmene ungafunire."

Tsono inu owerenga, makamaka akazi anzanga amene mwatsala nokha, musaganize kuti ndalemba izi kuti ndipepese za phulusa. Atandibwezera Okutobala uja ndingatengenso fanelo yomwe ija. Amene amaseka pamaliro a mnzawo aziyembekezera kuti wamasiye ali ndi makutu, ndipo amene amawerengera mkazi miyezi yolira asamayese kuti akudziwa zomwe wanyamula. Chimene chimandisowetsa mtendere ndi china. Ndinali wotanganidwa kwambiri ndi munthu wakufa, moti wamoyo ndinamuyesa chipangizo, ndinakwera pa chikondi chake ngati pa njinga yobwereka. Iye atadziwa, ndi chikho chili pamphuno pake, anasenza mwamuna amene anamulanda mkazi n'kumulowetsa patsogolo. Ngati muli naye munthu wotero pafupi, musadikire kuti mudzamuone bwino ali m'ngalande mpaka m'chiuno.

Mu Seputembala ndikalowanso kukhola, ulendo uno ndi payipi ngati anzanga onse. Kogula buledi ayamba kale kunong'ona. Asiyeni anong'one. Mwina tsopano akunena zoona.